Katundu Akhale Pati? Phunziro Lochokera ku Mpikisano wa Magalimoto

 Nkhani yathu ya lero ndi ya kulemera kwa galimoto ndi katundu wake. Ambiri a ife tikamapakira katundu timafunsa funso limodzi lokha, lakuti kodi galimotoyi ingathe kunyamula matumba angati. Funso limeneli ndi labwino, koma lili ndi linzake limene timaliiwala kawirikawiri: kodi matumbawo akhale pati? Lero tifuna tione kuti funso lachiwirili ndi lalikulu monga loyamba lija, ndipo nthawi zina ndi limene limasiyanitsa ulendo wofika bwino ndi ulendo wothera m'ngalande.

Kuti nkhaniyi imveke tiyenda malo awiri. Poyamba tipita ku America, kumene kuli anthu amene akhala zaka zambiri akufufuza za kulemera pofuna kupambana mpikisano wa liwiro. Kenaka tibwerera kwathu, pa msewu wochokera ku Likuni kudzera ku Chinsapo kukalowa mumzinda wa Lilongwe, pamene tsiku ndi tsiku pamadutsa malole a njerwa ndi mchenga, maminibasi, mapikapu a matola, ngolo za ng'ombe ndiponso njinga zosenza nkhuni ndi makala. Lamulo limene limagwira ntchito pa galimoto ya mpikisano ndi lomwelo limene limagwira ntchito pa zonsezi.

Mpikisano wa masekondi owerengeka

Mpikisano umene tikunenawu eni ake amautcha drag racing. Magalimoto awiri amaima moyandikana pa msewu wowongoka, nyali yobiriwira ikayaka amanyamuka, ndipo aliyense amalimbirana kuyamba kufika pamzere. Palibe kukhota ngakhale kuzungulira bwalo. Mtunda wake kuyambira kale ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mailo, ndiye kuti mamita 402, pafupifupi kutalika kwa mabwalo anayi a mpira atalumikizidwa. Bungwe lalikulu loyang'anira masewerawa, la National Hot Rod Association, adaliyambitsa ndi Wally Parks m'chaka cha 1951 ku California, pofuna kuti achinyamata aleke kupikisana m'misewu ya anthu onse. Kuno kummwera kwa Africa malo odziwika a masewerawa ndi Tarlton, pafupi ndi Krugersdorp ku South Africa.

Magalimoto aliwiro koposa onse ali m'gulu lotchedwa Top Fuel. Injini imodzi ya m'gululi ili ndi mphamvu yoposa ya akavalo 10,000. M'chaka cha 2008 woyendetsa wina, Scott Kalitta, adamwalira pa ngozi ku Englishtown m'chigawo cha New Jersey, ndipo kuyambira pamenepo magulu awiri aliwiro kwambiri adawachepetsera mtunda kufika pa mamita 305. Mtunda umenewu galimoto ya Top Fuel imaumaliza m'masekondi osakwana anayi, ndipo pofika pamzere liwiro lake limakhala litapyola makilomita 500 pa ola.

Tsono mphamvu zonsezo sizipindula kanthu ngati sizifika pansi. Galimoto iliyonse imagunda msewu ndi kachigawo kochepa chabe ka tayala lililonse, ndipo kukankha konse, kuima konse ndi kukhota konse kumadutsa pa tizigawo timeneti. Amayi opera mawere pamphero amadziwa kuti mwala ukangoyenda pamwamba osautsindika, supera kanthu. Tayala nalonso ndi chimodzimodzi. Limagwira msewu molingana ndi mmene latsindikidwira. Likapepukidwa limangozungulira pamodzimodzi ndi kufuka utsi, galimoto ili chiimire. N'chifukwa chake amakaniko a mpikisano amathera nthawi yaikulu pa funso lakuti kulemera kuli pa magudumu ati.

Phata la kulemera

Tengani khasu, muligoneke chopingasa pa chala chimodzi, ndipo mufunefune pamene lingakhazikike osapendekera uku kapena uko. Mupeza kuti malowo sali pakati pa mpini, koma ali kufupi ndi chitsulo, chifukwa ndiko kuli kolemera. Malo amenewa, pamene kulemera konse kwa chinthu kumakhala ngati kwakumana, m'nkhani ino tiziwatcha phata la kulemera. Galimoto iliyonse ili nalo phata lotere, ndipo pali zinthu ziwiri zofunika kuzidziwa za ilo. Choyamba, lili kutsogolo kapena kumbuyo motani pakati pa magudumu. Chachiwiri, lili pamwamba motani kuchokera pansi.

Galimoto ikaima, magudumu amene ali kufupi ndi phatalo ndi amene amasenza gawo lalikulu. Koma ikayamba kuyenda zinthu zimasintha. Nonse amene mudakwerapo minibasi mukudziwa kuti dalaivala akanyamuka mwadzidzidzi pa siteji, msana umakanikizika ku mpando, galimoto imakhala ngati yanyonyomala kumbuyo, ndipo mphuno yake imadzuka. Akaponda mabuleki zimachitika mosemphana: anthu amagwera kutsogolo ndipo mphuno imazyolika. Kulemera kwa galimoto yonse sikudasinthe, koma gawo lina lachoka pa magudumu ena kupita pa ena.

Kuchuluka kwa kulemera kosamukaku kumadalira zinthu zitatu: mphamvu imene galimoto yanyamukira, kutalika kwa phata kuchokera pansi, ndi mtunda wa pakati pa magudumu akutsogolo ndi akumbuyo. Tiyeni tiyerekeze. Galimoto ikulemera makilogalamu 1,000, phata lake lili theka la mita kuchokera pansi, ndipo pakati pa magudumu pali mamita awiri ndi theka. Ikanyamuka mwamphamvu kotero kuti ifike pa makilomita 100 pa ola m'masekondi 6, makilogalamu pafupifupi 100 amachoka kutsogolo kupita kumbuyo, monga ngati wina wasamutsa matumba awiri a chimanga. Phata lija mukalikweza kufika mita yathunthu, osamuka amakhala makilogalamu 200. Koma mukaitalikitsa galimotoyo kuti pakati pa magudumu pakhale mamita asanu, phata lili pa theka la mita pomwe paja, osamuka amatsika kufika pa makilogalamu 50.

Wampikisano amafuna kusamukaku, popeza magudumu amene amakankha galimoto yake ndi akumbuyo. Koma amakufuna pa muyeso wake. Kukachepa, matayala amaterereka. Kukachuluka, magudumu akutsogolo amachoka pansi, chiwongolero chimakhala chopanda ntchito, ndipo galimoto ingathe kugwa chagada. Pa chifukwa chimenechi magalimoto ambiri a mpikisano ali ndi zitsulo zazitali kumbuyo zokhala ndi timagudumu ting'onoting'ono, zoletsa mphuno kudzuka mopyola. Ndi chifukwa chomwechonso galimoto ya Top Fuel ili yaitali ngati bwato: pakati pa magudumu ake pamafika mainchesi 300, ndiwo mamita 7.6. Kumbuyo kwake kulinso phiko lalikulu lopindidwa mozondoka, limene mphepo imalikankhira pansi, kotero kuti liwiro likakula matayala amatsindikidwa ndi mphamvu yoposa kulemera kwa galimoto yonse.

Mmene adaphunzirira

Nzeru zimenezi sizidabwere tsiku limodzi. M'chaka cha 1965 kampani ya Chrysler idakonza magalimoto ena a Dodge ndi Plymouth powasunthira magudumu kutsogolo, akumbuyo ndi mainchesi 15, akutsogolo ndi mainchesi 10. Cholinga chidali chakuti gawo lalikulu la thupi la galimoto litsamire pa magudumu akumbuyo. Injini sidasinthe malo ake m'thupimo, koma magalimotowo adayamba kunyamuka mwaukali kuposa anzawo. Maonekedwe ake adali oseketsa, ndipo dzina lakuti Funny Car, limene lero ndi dzina la gulu lina la mpikisanowu, lidachokera ku magalimoto a mtundu umenewu.

M'zaka zomwezo oyendetsa magalimoto aatali aja ankakhala kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa magudumu akumbuyo, injini ili patsogolo pawo, kuti thupi lawo lomwe lithandize kutsindika matayala. Njirayi idali yoopsa, pakuti chilichonse chophulika mu injini chinkafikira munthu. Pa 8 March 1970, ku Lions Drag Strip pafupi ndi mzinda wa Long Beach, magiya a galimoto ya Don Garlits adaphulika ponyamuka, galimoto idaduka pakati, ndipo iye adataya mbali ya phazi lake lamanja. Atachira adapanga galimoto yokhala ndi injini kumbuyo kwa woyendetsa, kufupi ndi magudumu okankha. Ambiri adakayika, koma m'chaka cha 1971 adapambana nayo mpikisano waukulu wa Winternationals ku Pomona, ndipo pasanapite zaka zambiri anzake onse adatsanzira. Chinthu cholemera koposa chidapita pamalo pamene chimathandiza, ndipo munthu adachoka pamalo a ngozi.

Zolemetsa zoika mwadala

Apa wina angafunse kuti, popeza galimoto yopepuka ndi imene imathamanga, nanga n'chifukwa chiyani ampikisano amamangirira zitsulo zolemera m'magalimoto awo? Zoonadi kulemera kumachedwetsa. Iwo eni amawerengera kuti pa galimoto wamba, makilogalamu 45 aliwonse owonjezera amadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, ndipo pa mpikisano wotere imeneyo ndi nthawi yaitali. Koma malamulo a magulu ambiri amanena kulemera kumene galimoto siyenera kuchepera, woyendetsa ali momwemo. Ikamaliza kuthamanga imakwera pa sikelo, ndipo ikapezeka yoperewera chipambano chimalandidwa.

Tsono mmisiri wochenjera amapanga galimoto yopepuka kuposa muyeso walamulo, ndipo kulemera kotsalako amakubwezera ndi zidutswa za mtovu kapena chitsulo, zimene pa Chingerezi amati ballast. Ubwino wake ndi wakuti zidutswazi angathe kuziika pamene afuna. Msewu ukakhala woterera amazisunthira kumbuyo kuti matayala agwire. Msewu ukakhala wogwira kwambiri, kotero kuti mphuno ikudzuka mopyola, amazipititsa kutsogolo kwenikweni. Asanapite ku mpikisano amaimika gudumu lililonse pa sikelo yakeyake kuti adziwe chimene lasenza. Amayang'ananso kumanja ndi kumanzere, chifukwa pa magalimoto ambiri okankha ndi magudumu akumbuyo, kupota kwa injini kumapeputsa gudumu lakumbuyo la kudzanja lamanja pamene galimoto ikunyamuka. N'chifukwa chake ambiri amachotsa batire kutsogolo ndi kukaliika kumbuyo, mbali ya kumanja.

Pali lamulo limodzi limene sakambirana. Cholemetsa chilichonse chiyenera kumangidwa ndi mabawuti ku chitsulo cha galimoto. Madzi, mchenga wongothira kapena chitsulo chongoponya m'buti n'zoletsedwa. Chinthu chimene chingathe kusuntha chokha chimasamutsa phata la kulemera pa nthawi imene woyendetsa sakuyembekeza, ndipo pa ngozi chimauluka ngati mwala wa pa legeni.

Tibwerere pa msewu wa ku Likuni

Omvera, palibe amene akukupemphani kuti muthamangitse galimoto pa msewu wa anthu onse. Chimene tatenga kwa ampikisano ndi nzeru yawo ya kaikidwe ka kulemera, ndipo tsopano tiione pa magalimoto amene timawadziwa.

Tiyambe ndi pikapu, imene kwathu kuno imagwira ntchito ya matola ndi yonyamula mbewu. Pansi pa bodi yake pali chitsulo chopingasa chogwira magudumu awiri akumbuyo, chimene amakaniko amachitcha ekiselo. Tiyerekeze kuti pakati pa magudumu akutsogolo ndi akumbuyo pali mamita atatu, ndipo tili ndi matumba 12 a chimanga a makilogalamu 50 lililonse, onse pamodzi makilogalamu 600. Tikawaunjika pamwamba penipeni pa ekiselo, magudumu akumbuyo asenza onse 600 ndipo kutsogolo sikusintha. Tikawasunthira theka la mita kutsogolo, kufupi ndi kumene kumakhala dalaivala, akumbuyo asenza 500 ndipo akutsogolo alandira 100. Koma tikatsekula chitseko chakumbuyo ndi kuwaunjika mita yathunthu kuseri kwa ekiselo, galimoto imasanduka ngati mtengo wotekenyera chitsa. Magudumu akutsogolo amapepuka ndi makilogalamu 200, ndipo akumbuyo amasenza 800. Matumba ndi omwewo, 12, koma galimoto yasanduka ina.

Zotsatira zake n'zitatu. Magudumu akutsogolo ndi amene amawongolera, tsono akapepuka, dalaivala amapotoza chiwongolero koma galimoto imapitirira molunjika, makamaka pa phula lonyowa kapena pamene pali mchenga. Magudumu omwewo ndi amene amagwira gawo lalikulu la ntchito ya mabuleki. Ndipo matayala akumbuyo, posenza zoposa muyeso wake, amatentha mpaka kuphulika. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: galimoto ikakhala pansi kumbuyo, mphuno ili m'mwamba, ndipo usiku nyali zake zikuwala m'maso mwa anzake m'malo mowala pa msewu, katundu wakhala polakwika. Anthu okwera matola amene amakhala m'mphepete mwa chitseko chakumbuyo miyendo ili lendelende amachita chimodzimodzi monga matumba aja, kuwonjezera pa kuika moyo wawo pachiswe.

Pikapu yomweyo ikakhala yopanda katundu vuto limakhala lina. Injini ili kutsogolo, magudumu okankha ali kumbuyo kopepuka, ndipo m'nyengo ya dzinja, m'tinjira tamatope ta m'kati mwa Chinsapo kapena tolowera kumidzi ya ku Malingunde, matayala amangozungulira. Madalaivala akale amaika matumba angapo a mchenga pamwamba pa ekiselo, ndipo galimoto imatuluka. Zimenezi n'zolemetsa zija za ampikisano, ndipo lamulo lake ndi lomwe lija: zikhale pamwamba pa ekiselo kapena patsogolo pake pang'ono, ndipo zimangidwe. Alimi a mathirakitala amachita zofanana pothira madzi m'matayala akuluakulu akumbuyo, ndi popachika zitsulo kutsogolo pamene kumbuyo kuli pulawo yolemera, kuti mphuno isadzuke.

Magalimoto ang'onoang'ono ambiri a masiku ano, monga Toyota Sienta imene ambiri amaigwiritsa ntchito ngati takisi, amakoka ndi magudumu akutsogolo. Kwa iwo nkhaniyi yatembenuka. Mukadzaza anthu ndi matumba kumbuyo, mwapeputsa magudumu amene amakoka, amawongolera ndiponso amaimitsa galimoto. Pa chitunda choterera galimoto yotere imalephera kukwera ngakhale injini ili yabwinobwino.

Katundu wa pamwamba

Tidanena kuti phata la kulemera lili ndi funso lachiwiri, la kutalika kwake. Galimoto ikamakhota, kulemera kumasamukira ku magudumu a kunja kwa ngodya, ndipo magudumu a m'kati akapepuka kotheratu galimoto imagubuduzika. Masamu ake ndi osavuta. Mukakweza phata kawiri, mphamvu yokwanira kuigwetsa imatsika ndi theka. Lole yonyamula mabelo a fodya kupita ku okushoni ku Kanengo, yosanjikiza mpaka pamwamba, ingathe kugwa pa raundabauti pa liwiro limene lole yomweyo yonyamula simenti imadutsa popanda vuto, ngakhale kulemera kwake kuli kofanana. Motero cholemera chikhale pansi, chopepuka pamwamba, ndipo dalaivala wa katundu wamtali achepetse liwiro asanafike pa ngodya.

Dziko lathu lidaphunzira zimenezi mowawa panyanja. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya, imene idali yatsopano, idagubuduzika ndi namondwe kumpoto kwa nyanja ya Malawi, ndipo anthu 145 adamira. Olemba mbiri ya ngoziyi amatchula kuti sitimayo idali yolemera kumwamba. Masitima amaikidwa zolemetsa pansi penipeni pofuna kupewa zoterezi, ndipo minibasi yosenza matumba padenga ili pa chiopsezo cha mtundu womwewo.

Katundu wamadzi ali ndi khalidwe lake. Mgolo wodzaza theka, kapena thanki yosadzaza, imakhuthukira mbali imodzi pokhota ndi kukankhira kutsogolo poima. N'chifukwa chake m'kati mwa matanki a malole a mafuta mumakhala zipupa zogawa. Inu amene mumanyamula migolo ya madzi kupita kumene mukumanga nyumba, idzazeni mpaka pakamwa, muitseke, ndipo muimange ndi chingwe cholimba. Njerwa, zitsulo ndi matabwa nazonso zikhale zogundana ndi chipupa chakutsogolo cha bodi, kuti dalaivala akaponda mabuleki zisapeze mpata wothamangira kumsana kwake.

Ngolo ndi njinga

Nkhaniyi si ya eni injini okha. Ngolo ya ng'ombe ya magudumu awiri ili ngati sikelo ya pamsika, ekiselo ili pakati. Mukaunjika njerwa kutsogolo, goli limakanikiza makosi a ng'ombe, zimatupa malitsipa ndipo zimatopa msanga. Mukaunjika kumbuyo, mtengo wokokera umadzuka, goli limakwera, zingwe zimatsamwitsa ng'ombe, ndipo pa chitunda ngolo ingathe kupendekera kumbuyo. Kapakiridwe koyenera ndi kakuti katundu akhale pamwamba pa ekiselo, kutsogolo kulemereko pang'ono chabe, kotero kuti munthu mmodzi angathe kunyamula mtengo wokokerawo ndi manja.

Abambo onyamula nkhuni ndi makala pa njinga, amene timakumana nawo m'mamawa akulowera m'tauni, amadziwa bwino kuti thumba likapitirira kuseri kwa gudumu lakumbuyo, gudumu lakutsogolo limayandama, ndipo pa chitunda njinga imafuna kuimirira. Ambiri amapachika kathumba kena kutsogolo kuti njinga ikhazikike, ndipo pamenepo achita zimene amachita makaniko wa ku California. Koma mtolo ukatalika kupyola mutu wa mwini wake, mphepo ya lole yodutsa ingathe kumukankhira pakati pa msewu. Anyamata a kabaza ya njinga yamoto nawonso akumbuke kuti munthu wachitatu amakhala kuseri kwa gudumu lakumbuyo, ndipo ndi iye amene amalanda mphamvu gudumu lowongolera.

Sikelo ya boma ndi moyo wa msewu

Pali wina amene amavutika ndi katundu woikidwa molakwika, ndiye msewu weniweniwo. Pakati pa 1958 ndi 1960, ku Ottawa m'chigawo cha Illinois ku America, akatswiri adayendetsa malole usana ndi usiku pa misewu yoyeserera pofuna kuona chimene chimaononga phula. Adapeza kuti chofunika ndi kulemera kwa pa ekiselo iliyonse, ndipo kuti kuonongeka kumakula mofulumira koposa: ekiselo ikasenza kawiri, msewu umaonongeka pafupifupi ka 16. Tsono lole imene katundu wake waunjikana pa ekiselo imodzi imakumba maenje ambiri kuposa inzake yonyamula katundu yemweyo atagawidwa bwino. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo ekiselo imodzi isasenze lole yonse.

N'chifukwa chake pa masikelo a malole, monga a ku Balaka, Mwanza, Mchinji, Songwe ndi Muloza, sayeza kulemera kwa lole yonse kokha, koma amayezanso maekiselo. Muyeso umene maiko a m'chigawo chino adagwirizana ndi wakuti ekiselo imodzi ya matayala anayi isapyole matani 10, ndipo lole yaikulu pamodzi ndi ngolo zake isapyole matani 56. Dalaivala angathe kulipitsidwa ngakhale katundu wake yense ali pa muyeso, ngati waikidwa mbali imodzi. Misewu ya m'makwalala ilibe sikelo, koma phula lake ndi lopyapyala kuposa la misewu ikuluikulu, ndipo maenje ake timagweramo tonse, kuphatikizapo galimoto yothamangitsira wodwala ku chipatala cha Likuni.

Zoyenera kukumbuka

Tisanatseke, tiyeni tisonkhanitse zimene tamva. Musanapakire, onani manambala a kulemera kololedwa amene opanga galimoto adalemba pa kachitsulo ka pakhomo kapena m'mbali mwa lole, ndipo musawapyole. Katundu wolemera ayambe kulowa, akhale pansi, pakati pa magudumu akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo kumanja kufanane ndi kumanzere. Kuseri kwa ekiselo yakumbuyo ndi padenga kukhale zopepuka zokha. Chilichonse chimangidwe kuti chisasunthe. Mukatsitsa katundu wina panjira, konzaninso wotsalayo, chifukwa phata la kulemera lasamuka. Pomaliza, imani patali pang'ono muione galimoto yanu. Ikakhala yopendekera mbali imodzi kapena yoloza kumwamba, tsitsani mupakirenso. Mphindi khumi zimenezo n'zotsika mtengo kuposa tayala, ndipo moyo wa munthu ulibe sitolo.

Inu eni magalimoto, musaumirize dalaivala kutenga ulendo umodzi pamene pafunika awiri. Inu apaulendo, muli ndi ufulu wokana kukwera galimoto imene yakhala kale pansi kumbuyo, ndipo kondakitala akakupemphani kuti thumba lanu lilowe pansi pa mpando m'malo mopachikidwa kuchitseko, mverani. Ampikisano amayeza gudumu lililonse chifukwa cha kachigawo ka sekondi. Ife tili ndi chifukwa chachikulu koposa, pakuti m'magalimoto athu mumakhala ana a sukulu, amayi opita ku msika ndi chakudya cha chaka chonse.